Chagada Pansi pa Galimoto

Pamene ndinali mnyamata wa kabudula mmodzi, woweta ng'ombe za atate wanga m'madambo a kuno ku Lizulu, kumene msewu waukulu wochokera ku Ntcheu kunka ku Dedza ndiwo malire pakati pa dziko lathu ndi lija tinkalitcha la Apwitikizi, galimoto yaitali msinkhu, yokhoza kuyenda pamene palibe njira, sinali chuma cha munthu wamba ayi, koma inali boma lenilenilo loyenda pa matayala anayi. Akuluakulu ankatisimbira pamoto madzulo za chaka cha 1953, m'mene magalimoto a boma anafika ndi apolisi kudzatenga Inkosi ya Makosi Gomani chifukwa cha kukana kwake Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo pofika pa kulira kwa magalimotowo ankatsitsa mawu, monga ngati akali kumveka kuseri kwa phiri. Ife ana, tikaona Land Rover ya bwana DC ikufukiza fumbi patali, tinkasiya ng'ombe ndi kubisala m'thengo. Koma ikangopitirira tinkatuluka ndi kuthamangira kukaponda m'mapazi a matayala ake, yense kufuna kuti phazi lake likhale loyamba, pakuti mantha ndi kusirira ndi ana a mimba imodzi.

Ndinakula, ndinaphunzira, ndinakhala mphunzitsi, ndipo chuma changa choyendera chinali njinga yakapalasa. Koma kusirira kuja sikunafe, kunangogona tulo. Kunadzuka m'zaka za m'ma 1980, pamene nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira tsidya lino la msewu abale athu a ku Angonia, anthu a chilankhulo chathu ndi a mafuko athu, amene dzulo lake tinkakhuza nawo maliro, ndipo lero analikutchedwa othawa kwawo m'mudzi wa amalume awo omwe. Pamodzi ndi tsokalo anafika magalimoto oyera a mabungwe othandiza, a mtundu wa Land Cruiser, okhala ndi mlongoti wa wailesi kutsogolo. Ndipo m'mene ine ndinkapatukira m'ngalande ndi njinga yanga kuti iwo adutse, makope a ana a sukulu nditamanga pa keliyala, ndinkalumbira mumtima lumbiro limene sindinaliulule ngakhale kwa mkazi wanga, lakuti ndisanalowe m'manda ndidzagwira chiwongolero cha imodzi mwa magalimoto amenewo. Nkhondo inatha ndi pangano la ku Rome la 1992, anthu anabwerera ku mabwinja awo, magalimoto oyera anachepa pa msewu, koma lumbiro langa linatsala chikhalire.

Ndinalikwaniritsa m'chaka cha 2009, nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi waukulu, pamene bungwe lina ku Lilongwe linagulitsa pa okushoni magalimoto ake otopa, ine nditsanulira pamenepo gawo lalikulu la ndalama zanga zopumira. Inali Land Cruiser ya mtundu umene amautcha 80, umene kampani ya Toyota inayamba kupanga mu 1990; yangayi inali ya 1996, ya injini ya dizilo yotchedwa 1HZ, ya masilinda 6 ondandalikana mzere umodzi ndi malita 4.2, yopanda tebo, yopanda kompyuta, yolemera koposa matani awiri, ndipo wotchi yake ya mtunda inali itapyola kale makilomita 300,000. Amayi a kunyumba anaizungulira kawiri, manja ali kumbuyo, monga munthu azungulira ng'ombe yamalonda imene akuikayikira, nati, "Abambo, mwagula galimoto kodi, kapena mwatenga mitala? Pakuti ndikuona kuti iyi izidya ine ndisanadye." Ndinaseka monga aseka munthu wopambana. Lamulungu loyamba ndinaiimika pabwalo la tchalitchi pamalo oonekera bwino, ndipo ndivomereze pano, popeza zaka zapitapo, kuti ulaliki wa tsiku limenelo sindinaumve ngakhale mutu wake, chifukwa maso anga anali pa zenera.

Koma walira mvula walira matope. Ulendo woyamba umene ndinapita nayo ku galaja ya m'tauni kuti akaione, mtengo umene anandilembera unaposa penshoni yanga ya mwezi wathunthu, ndipo njira yonse yobwerera ndinali kuchita masamu amene yankho lake linali limodzi lokha, lakuti mawu a amayi aja anali uneneri. Nzeru inandiuza kuti ndiphunzire kuikonza ndekha. Ulemu unakana, nuti munthu amene wagwira choko zaka zoposa makumi atatu, amene mudzi wonse umutcha ahedi ndi kumuvulira chipewa, sangagone m'fumbi ngati sipanala boyi. Chimene chinathyola khosi langa louma chinali chilala cha mafuta cha 2011, m'masiku a Pulezidenti Bingu wa Mutharika, pamene ndalama zakunja zinasowa m'dziko, magalimoto nagona usana ndi usiku pa mizere ya pamalo omwetsera mafuta. Ife a m'malire tinadziyesa odala, pakuti dizilo ankaoloka msewu m'zigubu kuchokera tsidya lija, ndipo pa kukondwa kwathu panalibe wofunsa kuti m'chigubumo munagona chiyani dzulo, kapena kuti wogulitsayo anaonjezeramo chiyani kuti malita akwane.

Tsiku lina madzulo, ndilikuchokera ku Ntcheu nditavala jekete ndi tayi, nditayandikira Mlangeni, kanyali kena kanayaka kutsogolo kwanga, ine osakasamala. Patapita kanthawi injini inatsokomola, inafooka ngati munthu wamalungo, nizima. Ana anasonkhana, monga tinkasonkhanira ife kale, koma awa sanabisale m'thengo, anangoima ndi kuseka. Pamenepo panafika mkulu wina wa imvi pa njinga, atamanga kabichi kumbuyo, amene ndinamdziwa nkhope koma osadziwa kuti pa unyamata wake anali makaniko wa magalimoto a boma ku PVHO. Anatsika, nawomba m'manja, nati, "Zikomo ahedi, yatani?" Ndinati, "Yangozima, bambo." Iye anati, "Iyayi, galimoto singozima, imayamba yanena. Inanena chiyani?" Nditamuuza za kanyali kaja anagwedeza mutu, nandiuza kuti nditsegule boneti, nandisonyeza fyuluta ya dizilo, imene kunsi kwake kuli kapulagi komasula ndi zala. Atakamasula, m'chikhatho chake munatsika madzi ofiirira, osati dontho limodzi koma ochuluka ndithu. Ndipo anandifotokozera kuti madzi alemera kuposa dizilo, chotero amatsikira pansi pa fyuluta, kumene kuli kanthu koyandama kamene kakakwezedwa ndi madziwo kamayatsa nyali imene ndinainyoza ija. Atatha kukhetsa madzi anandiloza kapampu kamene kali pamwamba pa fyulutayo, kotulutsira mpweya m'njira ya mafuta; koma m'mene ndinapatuka kuti iye apope, anabweza manja ake kumbuyo nati, "Dzanja lanu, ahedi. Ine mawa sindidzakhala pa msewu uno." Ndinapopa, tayi ikulendewera pa injini, kufikira kapampuko kanalimba pansi pa chikhatho changa, ndinatembenuza kiyi, ndipo injini inadzuka. Ndalama anaikana, anangopempha kuti njinga ndi kabichi zikwere kumbuyo.

Kuyambira sabata lomwelo ndinalowanso sukulu, ndili ndi imvi zanga, pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa nyumba yanga, ndipo mkulu uja, amene kuyambira pamenepo ndinkamutcha amisiri, ankafika Loweruka lililonse m'mawa, nakhala pa mpando wanga wa ndalema, ine ndili pansi. Phunziro loyamba silinali la sipanala, koma la zipika. Anandituma kukadula zipika zinayi za bulugamu zokhwima, zosalala mbali zonse, nandilumbiritsa kuti sindidzalowetsa ngakhale mkono pansi pa galimoto yokwezedwa pa jeke yokha, pakuti, anatero, jeke ndi mlendo wongodutsa, koma chipika ndi mbale. Ndiponso kuti ndisakhulupirire buleki ya dzanja popanda kuika miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala. Pambuyo pake ndinagula masipanala, ndipo ndinazindikira kuti galimoto ya ku Japan ili ndi manambala ake okondedwa, 10, 12, 14, 17 ndi 19, kotero kuti munthu wokhala ndi asanu amenewa ndi pulayala watsegula kale makomo ambiri. Mphasa yanga inali thumba la fetereza long'ambidwa pakati. Njira ya ku msika imadutsa m'mbali mwa bwalo langa, ndipo amene ndinawaphunzitsa kale, ena a iwo tsopano makolo a ana akuluakulu, ankaima ndi kupereka moni kwa miyendo yanga yotulukira kunsi kwa galimoto, kuti, "Mwadzuka bwanji ahedi?" ndipo miyendoyo inkayankha. Sabata zoyamba ndinkamva kutentha kumaso; pambuyo pake ndinaona kuti palibe anasiya kundivulira chipewa, kungoti tsopano ankavulira nsapato zanga.

Munthu amene adziwa galimoto ali pa mpando wake okha afanana ndi mkamwini amene adziwa mudzi wa mkazi wake pa tsiku la ukwati lokha. Kunsi ndiko kuli mbiri yake yonse: zipsera za miyala ya misewu imene inayenda ndisanaidziwe, bawuti yachilendo imene makaniko wina wa kutali anaikapo pothamanga, dothi lofiira la maboma amene sindinafikeko louma m'makona a chasisi. Amisiri anandiphunzitsa kuwerenga pansi m'mawa uliwonse galimoto isanasunthe, monga mlenje awerenga mapazi a nyama pa mame. Dontho lakuda ndi oyilo wa injini, ndipo pa galimoto ya msinkhu uwu dontho limodzi si mlandu. Lolemera, lonunkha ngati dzira lovunda, ndi la m'difu kapena m'giyabokosi. Lofiira kapena lobiriwira, la fungo lozuna, ndi madzi a radiyeta. Koma loyera, loterera, lopezeka m'kati mwa tayala, ndilo la mabuleki, ndipo limenelo likaoneka ulendo watha usanayambe, ngakhale ukhale wa ukwati wa mwana wako. Oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse, injini ikali yofunda kuti atsike yense ndi zinyalala zake, ndipo mimba yake imamwa pafupifupi malita 10. Fyuluta yatsopano ndimaipaka oyilo pa kamphira kake ndi kuimanga ndi dzanja lokha, pakuti womanga ndi chitsulo adzalira tsiku lomasula. Dzinja likatha ndimapopera girizi m'timawere ta pa pulopela kufikira wakale, wosakanizika ndi matope, atuluke. M'chilimwe, pamene fumbi la misewu ya ku Tsangano lilowa ngakhale m'mano, ndimatulutsa fyuluta ya mpweya kawirikawiri. Oyilo wakuda amene ndakhetsa sagona pakhomo panga, pakuti anansi amafika ndi mabotolo, wina wopaka nsanamira za khola kuti chiswe chisadye, wina wothira m'magudumu a ngolo.

Koma ntchito imene inandiyesa monga ayesa siliva m'ng'anjo inali ya ekiselo ya kutsogolo. Pa mapeto ake onse awiri, kuseri kwa tayala, pali chibulumwa chachitsulo chonga chipanda, ndipo m'kati mwake muli mfundo yotchedwa Birfield, imene ilola tayala kukhota uku likukokedwa ndi injini. Mfundoyo imakhala m'girizi wakuda, ndipo pakati pa girizi ndi oyilo wa m'difu pali kasilo kakang'ono, kosadula konse, kamene ntchito yake ndi kuletsa awiriwa kuti asakomane. Kasiloko kakatha, oyilo amalowa kwa girizi, nasanduka phala lamadzimadzi limene limachucha pa chipanda chija ndi kudetsa m'kati mwa tayala, ndipo likalekereredwa mfundo imauma niyamba kulira kuti kha kha kha pokhota. Tsono nzeru ya amene anapanga galimotoyi inaika kanthu kotchipa kameneka pakatikati penipeni, kotero kuti pofuna kukafikira uyenera kuchotsa tayala, buleki, habu ndi manati ake akuluakulu a mamilimita 54, mabering'i, ndi chitsulo chonse cha ekiselo. Amisiri anandiyalitsa mphasa yeniyeni, nandilamula kuti chilichonse chimene ndachotsa ndichiike kuyambira kumanzere kunka kumanja monga mwa kutuluka kwake, kuti pobwezera ndiyambire kumanja. Ndipo nkhuku zinatsekeredwa m'khola masiku awiri, chifukwa tambala mmodzi akhoza kusokoneza m'kamphindi ntchito ya tsiku lonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Girizi anandilowa m'zikhadabo kotero kuti Lamulungu lotsatira ndinabisa manja m'thumba popereka moni kwa abusa.

Nditamanga zonse ndinayenda nayo kufika ku msika ndi kubwerako, mtima uli m'mwamba. Koma amisiri, osanena kanthu, anagunda habu ya kumanja ndi kuseri kwa dzanja, nandiitana kuti ndigunde inenso. Inali yotentha ngati mphika. Ndinali nditamangitsa nati ya mabering'i, poganiza, monga aganiza ophunzira onse, kuti cholimba koposa ndicho chabwino koposa. "Bering'i ili ngati mwana, ahedi," anatero, "mukaifinya ipsa mtima, mukaitayirira isochera. Inu amene mwalera ana a eni zaka zonsezi, simukudziwa zimenezi?" Ndinamasulanso, ndinamanganso, ndikuzungulitsa habu ndi dzanja kufikira inayenda mosalala popanda kugwedera, ndipo usiku umenewo ndinagona ndikukumbukira nkhope za ana ena amene ndinawamangitsa.

Za masipeya ndinene mwachidule, chifukwa ndi nkhani yowawa. Kuno ku Lizulu upeza tomato, anyezi, kabichi, karoti ndi mbatatesi zodzaza malole opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, koma silo ya Land Cruiser sungaipeze. Uyenera kukwera basi kunka ku Lilongwe, kukayenda m'masitolo a ku Malangalanga kapena ku Biwi, chitsulo chakale chili m'thumba kuti ukafanizire. Ndipo popeza chitsulo chilichonse chimachokera kunja, mtengo wake umatsata dola monga mwana wa ng'ombe atsata make: kwacha itagwa mu Meyi 2012 ndinaona mitengo ikusintha pakati pa ulendo umodzi ndi unzake, ndipo itagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndinabwerera kumudzi ndi theka la zimene ndinalemba pa pepala. Pamenepo ndi pamene wogulitsa amakuikira makatoni awiri ofanana pa kauntala, nakufunsa motsitsa mawu ngati ufuna ya orijino kapena inayo. Pa zinthu zina ndagulapo inayo, ndipo sindichita manyazi. Koma pa lamba wa taimingi sindinayesepo. Lamba ameneyu, wamfupi, wa mano, ndiye asunga pangano pakati pa mavavu ndi mapisitoni kuti wina atsike pamene mnzake wachoka, ndipo akaduka injini ili m'kati moyenda, awiriwo amakomana ndi kuphwanyana. Asinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo galimoto ili ndi kanyali kake kokumbutsa. Koma kanyaliko kamazimitsidwa pobaya kabatani kobisika pa wotchi ya mtunda, ndipo sikadziwa ngati lamba wasinthidwadi kapena ayi. Amisiri pondionetsa kabataniko anandiyang'ana nthawi yaitali, nati alipo ambiri ogulitsa magalimoto amene ntchito yonse ya lamba amaithera pa kabatani kameneka. Ndinasintha lamba ndi manja anga, zizindikiro za pa mapule nditaziyang'ana katatu, ndipo ndinazungulitsa injini ndi sipanala kawiri konse ndisanayerekeze kugwira kiyi.

Ndikadakonda kuti mbiri yanga ithere pa kupambana kumeneku, koma ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Amisiri anandichenjeza kawiri konse kuti ndileke kuthira madzi a pa mjigo mu radiyeta, chifukwa amasiya dzimbiri ndi miyala m'timipaipi take, ndi kuti ndigule madzi ake enieni a mankhwala; ine ndinayesa kuti madzi ndi madzi. M'mwezi wa Okutobala chaka china tinatsikira ku Golomoti kukaika maliro a mlamu wanga, pa msewu wa Khwekhwelere umene upatuka pa Masasa ndi kutsika phiri mokhotakhota kunka ku chigwa cha kunyanja. Potsika ndinachita bwino, ndili m'giya yaing'ono kuti injini igwire galimoto, mabuleki asapse. Pokwera masana, dzuwa lili paliwombo, galimoto itadzaza akuluakulu a mpingo ndi a kubanja, ndinaona muvi wa kutentha ukunyamuka pamalo pake. Ndipo ndinadziwa, inde ndinadziwa bwino lomwe, kuti choyenera ndi kupatuka ndi kudikira. Koma kumbuyo kwanga anali kuyamikira mphamvu ya galimoto ya ahedi, ndi luso la ahedi poisamala, ndipo ndinati mumtima, pangotsala makhotolo awiri. Pa lachiwirilo nthunzi inatuluka m'boneti. Chokhacho chimene ndinachita mwanzeru tsiku limenelo ndi kuletsa mnyamata wina amene anathamangira kutsegula chitsekero cha radiyeta yowira, chimene chikadamusupula nkhope. Mutu wa injini unang'aluka. Galimoto inakhala pa zipika zake miyezi inayi, nkhuku zinaikira mazira pansi pake, ng'ombe ziwiri zinatuluka m'khola kuti mutu wina ulowe. Ndipo amayi a kunyumba, amene akadakhoza kunena zambiri, sananene kanthu, chimene chinandipweteka koposa mawu.

Kuyambira pamenepo ndinadziwa malire a munda wanga. Pampu ya dizilo ndi manozo sindizitsegula, pakuti m'kati mwake muli tizitsulo tosalola ngakhale kafumbi kamodzi, ndipo zimenezo ndimapita nazo kwa eni ntchito amene ali ndi makina oyesera. Zina zonse ndi zanga: mahita pulagi asanu ndi limodzi amene ndimawayesa mwezi wa Meyi usanathe, chifukwa m'mawa wa Juni ndi Julaye kuno kumtunda, pamene chisanu chiyera pa udzu wa m'dambo, injini ya dizilo yopanda moto wa mapulagi imangofuka utsi woyera osadzuka, mitu ya batire imene ndimaitsuka ndi madzi otentha ndi soda, mabuleki, mabushi, ndi nyali zonse zimene ziyenera kuyaka tsiku lokatenga COF. Anyamata a masiku ano, amene amathamanga pa msewu uno ndi ma Sienta odzaza anthu ndi madengu a tomato, amandiseka kuti ndikuweta njovu m'nthawi ya mbuzi, ndipo pa nkhani ya mafuta ali ndi mfundo, sindikana. Koma yawo ikadwala imanena matenda ake kwa kompyuta yokha, m'chilankhulo cha manambala chimene mwini galimoto sachimva, ndipo ayenera kulipira womasulira. Yanga imanena m'fungo, m'kulira ndi m'dontho, chilankhulo chimene munthu wa makutu ndi mphuno akhoza kuchiphunzira pansi pa mtengo wa pichesi.

Chinanso ndi ichi, chimene sindinachiganizire pa tsiku la okushoni lija. Ndinaigula kuti anthu andione. Koma anthu anaona galimoto, nazindikira msanga kuposa ine ntchito yake yeniyeni. M'dzinja, pamene misewu ya m'midzi ya kuseri kwa mapiri isanduka phala, ndipo galimoto yaing'ono ithera pamene pathera tala, kugogoda kumamveka pa chitseko changa pakati pa usiku, ndi mawu akuti, "Odi ahedi, pepani, kwathu kwavuta." Yanyamula amayi apakati kunka ku chipatala, mmodzi wa iwo nachira tili pa njira, pa mpando wa kumbuyo, azimayi atatchinga mazenera ndi zitenje, ine nditaima kutali mu mvula ndi tochi yozimitsa, yanyamula mabokosi a maliro, a tsidya lino ndi a tsidya lija, pakuti imfa sifunsa chiphaso, yanyamula ovina ngoma ndi zishango zawo kunka ku Umhlangano ku Nkolimbo. Munthu wogogoda usiku safunsa ngati ndinathira girizi Loweruka, kapena ngati batire ili ndi moto; iye akhulupirira kuti ndikatembenuza kiyi idzalira, ndipo chikhulupiriro chimenecho ndi katundu wolemera koposa matumba a mbatatesi. Chifukwa chake sindigona thanki ili pansi pa theka, ndipo dizilo wa m'chigubu, ngati ndakakamizika kumugula, amagona usiku wonse kuti madzi atsike, ndipo m'mawa ndimathira wa pamwamba yekha, posefa ndi nsalu.

Amisiri anatisiya zaka zitatu zapitazo, ndipo ndinawanyamula ndine pa ulendo wawo wotsiriza, m'galimoto imene anaidziwa bawuti iliyonse osaigwirapo sipanala ngakhale kamodzi. Ana awo anandibweretsera ovolosi yawo yakale ya buluu ndi soketi ya 54, kuti ndi mawu amene anasiya. Koma ovolosiyo inandipeza mochedwa, pakuti msana wanga tsopano ukana thumba la fetereza, ndipo makutu anga ayamba kundinamiza. Mwezi wathawu, tilikuchokera ku Dedza, mdzukulu wanga wamkazi wa Folomu 3, amene kuyambira ali wamng'ono wakhala akundipatsira masipanala, anati, "Agogo, tazimitsani wailesi. Kumbuyo kumanzere kukulira." Ndinazimitsa, ndinatchera khutu, sindinamve kanthu, koma titafika ndinagunda habu ndi kuseri kwa dzanja, ndipo inali yofunda kuposa inzake.

Loweruka lotsatira anaika yekha miyala ku matayala, anakweza jeke, analowetsa zipika, napinda miyendo ya ovolosi ya amisiri katatu kuti imukwane. Agogo ake aakazi anaima pakhomo la khitchini akupukusa mutu, nati mwana wamkazi adzasowa womufunsira ndi zikhadabo zakuda. Iye anayankha ali kunsi kuti amene adzaope girizi adzaopanso udindo, ndipo ndinaona amayi akubisa kumwetulira m'chitenje. Ine ndinakhala pa mpando wa ndalema, mphasa ya zitsulo ili patsogolo panga, ndikuingitsa nkhuku ndi ndodo. Posakhalitsa anadutsa bambo wina wopita ku msika, dengu la nsawawa lili pa njinga, amene ndinamphunzitsa Sitandade 8 kalekale, anaima, anavula chipewa, nawerama pang'ono kuloza ku miyendo yotulukira kunsi kwa galimoto, nati, "Mwadzuka bwanji ahedi?" Ndinamuyankha ndili kumbuyo kwake, pansi pa pichesi, ndipo anatembenuka modzidzimuka kotero kuti nsawawa zinatayikira m'fumbi. Tili m'kati motola, mawu anatuluka kunsi kuja: "Agogo, mwandipatsa 14. Ndinati 12."